AGNES HUNT, NAMWINO WA OPUNDUKA

Alipo ambiri mwa inu owerenga amene anasungapo wodwala wosakhoza kudzuka pamphasa. Otere adziwa kuti munthu akagona masiku ambiri osatembenuka, khungu lace libooka pamene pakhudza pansi, ndipo nthawi zina cironda cimeneco cipha munthu amene nthenda yace yoyamba ikadamleka ndi moyo. Tsono ziripo nthenda za mafupa zimene mankhwala ace akale anali kugona kumene, miyezi yambiri kapena zaka, osagwedezeka konse. Pamenepo wosunga wodwala ali pakati pa zinthu ziwiri zolimbana: pfupa lifuna kuti munthu akhale cete, koma khungu lifuna kuti asunthe. Mwezi uno tinena za mkazi wa ku England amene anathera moyo wace pa nchito yobvuta imeneyi, ndipo anthu a kwao amuyesa namwino woyamba wa nthenda za mafupa. Dzina lace ndiye Agnes Hunt. Iye mwini anali wopunduka kuyambira ubwana wace.

Anabadwira ku London pa 31 Disembala 1866, mwana wacisanu ndi cimodzi mwa ana 11 a Rowland Hunt ndi mkazi wace Florence. Kwao kweni kweni kunali ku Baschurch, mudzi wa m'dera la Shropshire, kufupi ndi malire a Wales, kumene atate wace anali ndi nyumba yaikuru ndi minda. Ali buthu wa zaka monga 10, anaturuka thuza pacidendene, ndipo poopa amace analibisa. Thuzalo linatukusira, tizirombo tace tinalowa m'mwazi, ndi kukakhazikika m'pfupa la m'ciuno, pamene nchafu ilumikizana ndi thupi. Masiku amenewo kunalibe mankhwala opha tizirombo totere m'kati mwa thupi. Pfupa linacita mafinya, mwana anagona nthawi yaitali, ndipo podzuka anali wotsimphina. Kuwawa kwa m'ciunomo sikunamcoke kufikira imfa yace.

Amace anali munthu wouma mtima, wosafuna kumva madandaulo. Sanalole kuti mwanayo acitiridwe cisoni kapena kupatulidwa kwa anzace. Abale ace akapita kosewera, iyenso azipita, ngakhale pa ndodo kapena pa cikuku. Ena adzati kumeneko ndi nkhanza, ndipo ife sitikana kuti kuopa amai kotere ndiko kunabisitsa thuza lija. Koma m'menemonso Agnes anaphunzira kuti kupunduka mwendo sikutha munthu. Atate wace anamwalira mu 1878, ndipo mu 1884 amace anatenga ana ena napita nao ku Australia, ali ndi maganizo akuti akagule cisumbu ndi kuwetapo mbuzi za ubweya wautali. Za mbuzizo sizinatheke. Agnes anakhala zaka zina ku Tasmania, pa munda wa kuchire, nagwira nchito ya manja monga wina ali yense, ndipo mu 1887 anabwerera ku England atatsimikiza mtima kuti adzakhala namwino.

Zipatala zingapo zinamkana cifukwa ca mwendo wace. Potsiriza analandiridwa ku Rhyl, m'dziko la Wales, pa cipatala ca ana ca m'mphepete mwa nyanja cochedwa Royal Alexandra, kumene ana odwala anali kuwaturutsa panja kuti apumeko mphepo yabwino. Ici anacisunga mumtima. Anaphunziranso ku West London Hospital, kumene anapeza bwenzi lace Emily Goodford, amene anagwira naye nchito kufikira kufa. Anamwino ophunzira a masiku aja anali kugwira nchito maora ambiri ndi cakudya cocepa, kotero kuti thupi la Agnes linalefuka, naleka maphunziro kanthawi. Anawatsiriza ku Salop Infirmary, mu mzinda wa Shrewsbury, mu 1891.

Atatero iye ndi Emily anakhala anamwino oyendera odwala m'nyumba zao. Anasunga anthu pa mliri wa taifodi ku Rushden, nagwira nchito m'malo enanso. M'nyumba za osauka ndimo anaona ana amene madotolo sanali kuwaona: wa linunda, wa matewe, wa mapazi opindika, wofota miyendo ndi poliyo, ndi ambiri amene cifuwa cacikuru cinawalowa m'mafupa a msana, m'ciuno kapena m'bondo. Ambiri a ife tiyesa kuti nthenda imeneyi ikhala m'cifuwa mokha. Iai, idyanso mafupa, ndipo ku England ana ambiri anaitenga pakumwa mkaka wosaphitsa wa ng'ombe zodwala. Ana otere anali kungogona m'cipinda ca mdima, ndi makolo ao anayesa kuti palibe cocita.

Pa 1 Okutobala 1900 akazi awiriwa anatsegula nyumba ku Baschurch, yochedwa Florence House, yolandira ana oturuka m'cipatala kuti alimbe thupi asanapite kwao. Malo anali a anyamata 4 ndi asungwana 4. Koma posacedwa opunduka ndiwo anacuruka, ndipo panaoneka bvuto: zipinda zogona zinali pamwamba, ndi makwerero ace sanali oyenera kukwezapo mwana womangidwa m'zitsulo. Cotero anamanga zisakasa m'munda wa panyumbapo, zotseguka mbali imodzi, nagoneka anawo m'menemo usiku ndi usana, m'dzinja ndi m'cisanu comwe, m'dziko limene madzi aundana ngati mwala. Anansi anadabwa. Koma ana a m'zisakasa anayamba kudya bwino, kugona tulo, ndi kunenepa. Dzuwa lilimbitsa mafupa a mwana wa matewe, ndipo tizirombo ta cifuwa sitifala msanga pamene mphepo ipita. Zisakasa zinaonjezeka.

Zaka zoyamba zimenezi ciuno ca Agnes cinabvutanso, ndipo anapita ku Liverpool kukaonana ndi dotolo wa mafupa, dzina lace Robert Jones. Ameneyu analeredwa m'nchito ndi Hugh Owen Thomas, mwamuna wa azakhali ace, wocokera ku banja la olunga mafupa a pa cisumbu ca Anglesey. Thomas anaphunzitsa kuti pfupa kapena mfundo yodwala icira ndi kupuma, ndipo kupumako kukhale kokakamiza, kosadukiza, ndi kwa nthawi yaitali. Anapanga zitsulo za mitundu mitundu zogwira ziwalo kuti zisagwedezeke. Coposa zonse ndico citsulo ca mwendo cochedwa ndi dzina lace kufikira lero: nkhata yokutidwa ndi cikopa imene itsamira m'mphecepece ndi pansi pa thako, ndi ndodo ziwiri zacitsulo zotsika mbali zonse za mwendo kufikira kupitirira phazi.

Jones atamthandiza, Agnes anayamba kutengera ana ace kwa iye. Unali ulendo wosautsa. Anali kukwera nao sitima ya pamtunda kufikira ku Birkenhead, nawaika pa ngolo zokankha ndi manja, naoloka nao mtsinje wa Mersey pa ngalawa, ndi kuwakankhanso m'miseu ya Liverpool, mwini wace ali pa ndodo. Jones poona ici anapita kukaona ku Baschurch, ndipo mu 1904 anabvomera kukhala dotolo wa nyumbayo wosalandira malipiro, nadza mwezi ndi mwezi. Poyamba anali kucita opaleshoni m'cipinda codyera. Mu 1907 anamanga cipinda cace ca opaleshoni, ndipo mu 1913 anapeza makina ounikira mafupa.

Apa ndipo tifika pa nchito yeni yeni ya namwino. Dotolo adza tsiku limodzi, naongola pfupa, nalimanga, napita. Masiku onse otsala wodwala ali m'manja mwa namwino. Mwana wa nthenda ya m'ciuno anali kumangidwa cagada pa cimango cacitsulo cokhala ndi mtsamiro wacikopa kunsi kwa msana, miyendo yotangadza, ndipo pamenepo anadyera, nasambira, nacitira cimbudzi, caka cathunthu kapena kuposa. Wa nthenda ya msana anagona m'cikhakha coumbidwa monga mwa thupi lace. Kummasula kuti apumule kunali kuononga nchito yonse ya dotolo. Kumleka osamsamala kunali kumbooletsa khungu. Ndipo cironda cikaoneka pansi pa citsulo, citsuloco ciyenera kucoka kuti cironda cipole, ndi pfupa libwerera m'kupindika kwace. Mwa ici kacironda kocepa ngati kobiri kakhoza kubweza mwana m'mbuyo miyezi yambiri.

Cifukwa cace ca zironda zimenezi ndi ici. M'khungu ndi m'mnofu muli timitsempha tating'ono topereka mwazi. Munthu akagona, mnofu upanikizika pakati pa pfupa ndi pogonapo, timitsemphato titsekeka, ndipo mnofu wosowa mwazi uyamba kufa m'maora owerengeka okha. Munthu wamoyo bwino amva dzanzi natembenuka, ngakhale ali m'tulo. Womangidwa, wakufa ziwalo, kapena wofooka kwambiri sakhoza. Malo oopsa ndiwo amene pfupa liri pafupi ndi khungu: pansi pa msana, m'mbali mwa ciuno, zidendene, akakolo, zigongono, mapewa, ndi kunkhongo. Kawiri kawiri kubvunda kuyambira m'kati, pafupi ndi pfupa, kotero kuti pooneka kunja kacironda kakang'ono, pansi pace pali phanga. Thukuta ndi mkodzo zifewetsa khungu, ndipo kukoka wodwala pansaru kung'amba mnofu wa m'kati.

Florence Nightingale anali atalemba kale mu 1859 kuti cironda ca pakama kawiri kawiri cisonyeza kulephera kwa wosunga wodwala, si kukula kwa nthenda. Mau amenewo ndi olemera, ndipo lero tidziwa kuti alipo odwala ena, makamaka oyandikira imfa, amene khungu lao libooka ngakhale asamalidwe bwino. Koma anamwino a mafupa anawalandira monga lamulo. M'zipatala za mtundu uwu msungwana wophunzira anaphunzitsidwa kuyang'ana khungu kangapo pa tsiku. Kusuntha khungu la pansi pa nkhata ya citsulo ndi zala, kuti pamene panapanikizika papumule. Kusunga cikopa cofewa, coyera ndi couma. Kucotsa nyenyeswa za cakudya ndi kuongola makwinya a nsaru. Ndi kutembenuza wa msana anthu angapo pamodzi, thupi lonse nthawi imodzi monga mtengo, atambvundikira ndi cikhakha cina ca kumimba. Nchito yotere iribe ulemerero, ndipo aiona ndi anthu ocepa. Agnes Hunt anaidziwa mbali zonse ziwiri, pakuti iye amene analamulira anamwinowo anagonanso yekha m'zitsulo kangapo, atacitidwa opaleshoni. Ife tiyesa kuti ici ndico cinampatsa mphamvu pa anamwino ace: sanali kuwauza za kuwawa kumene anangowerenga m'buku.

Si zonse za masiku aja zimene zakhala. Anamwino akale anali kutikita malo ofiira ndi sopo ndi sipiriti, nathira ufa wosalala, poyesa kuti abweza mwazi. Lero kwadziwika kuti kutikita malo amene ayamba kale kuonongeka kuonjeza kuononga, ndipo sipiriti aumitsa khungu. Anali kuikanso nkhata pansi pa thako kapena cidendene. Koma nkhata ipanikiza pozungulira pace nitsekereza mwazi, cotero yalekedwa. Cimene cakhala, ndi kukula, ndico kucotsa kulemera pamalopo. Mu 1944 dotolo Ludwig Guttmann anatsegula cigawo ca othyoka msana ku Stoke Mandeville, nalamula kuti odwala atembenuzidwe maora 2 ali onse, usiku ndi usana. Ndipo anthu amene kale anali kufa ndi zironda ndi nthenda za m'cikhodzodzo anayamba kukhala ndi moyo. Mu 1962 namwino Doreen Norton ndi anzace anaturutsa muyeso wozindikira wodwala amene ali pangozi cironda cisanaoneke, poyang'ana zinthu 5: mphamvu ya thupi lace, nzeru zace, ngati ayenda, ngati atembenuka yekha, ndi ngati adzionongera.

Inu amene muli ndi wodwala pamphasa, izi zikukhudzani. Mabuku a Azungu anena za khungu lofiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Yang'anani pamene pada koposa pozungulira, kapena ponyezimira, ndipo khudzani ndi dzanja mumve ngati patentha, pauma gwa, kapena pafewa mosayenera. Pamenepo asagonerenso kufikira pabwerera mwakale. Mtembenuzeni kawiri kawiri, ndipo pomgoneka cam'mbali asatsamire pa pfupa la ciuno, koma mupendeketse pang'ono ndi mtsamiro kumsana. Ikani nsaru yopinda pakati pa maondo, ndi yina kunsi kwa akatumba kuti zidendene zilenjekeke. Pomsuntha mnyamuleni awiri, musamkoke. Asagone ponyowa. Adye nyemba, nsinjiro, mazira, nsomba, ndi kumwa madzi, pakuti khungu la munthu woonda libooka msanga. Ndipo ngati wina ali m'cikhakha nadandaula kuti pamalo pamodzi potentha ngati moto, kapena mumva pfungo, kapena zala zatupa, zazizira, zacita dzanzi, bwererani naye kucipatala tsiku lomwelo. Kuwawako kukaleka kokha musakondwere msanga. Nthawi zina kwaleka cifukwa khungu lafa. Ana amakonda kulowetsa timitengo ndi makobiri m'cikhakha, aletseni.

Tibwerere ku Baschurch. Nkhondo yaikuru itayamba mu 1914, nyumba ya ana ija inalandiranso asilikari obvulala, ndipo zisakasa ndi mahema zinadzala. Robert Jones anaikidwa kuyang'anira nchito ya mafupa m'gulu la nkhondo la Britain, nakakamiza kuti citsulo ca Thomas cifike kufupi ndi kumene anali kumenyana. Madotolo a nkhondo analemba kuti poyamba, mwa asilikari 10 othyoka pfupa la nchafu ndi cipolopolo, monga 8 anali kufa. Citsuloco citafala, akufa anatsika kufikira monga 2. Mu 1918 Agnes Hunt analandira mendulo ya Royal Red Cross cifukwa ca nchito yace ya pa nkhondoyo.

Koma cina cinali kumsautsa. Mwana woturuka ali woongoka anali kubwera patapita caka atapindikanso, cifukwa wakula ndi citsulo camcepera, kapena camcekula khungu ndipo amace acibvula ndi cifundo. Cotero mu 1917 anayamba makiliniki m'mizinda ya Shropshire, kumene anamwino odziwa mafupa anali kupita masiku oikika, kukaona zitsulo, nsapato, ndi khungu la ana oturuka m'cipatala, ndi kupeza opunduka ena asanaipe. Mu 1919 Jones ndi dotolo mnzace G. R. Girdlestone, amene anagwirapo nchito ku Baschurch, analemba kuti dziko lonse litsate makonzedwe amenewa: cipatala cimodzi ca mafupa kumudzi kumene kuli mphepo yabwino, ndi makiliniki ocizungulira. Madera ambiri a Britain anatero.

Florence House inacepa. Ndi ndalama za Red Cross ndi za cikumbutso ca akufa ku nkhondo, nchito inasamukira ku cipatala cakale ca asilikari ku Park Hall, kufupi ndi Oswestry, mu 1921. Emily Goodford sanakuone kusamukako, pakuti anamwalira mu 1920, atakhala ndi bwenzi lace zaka monga 30. Mu 1926 Mfumu ya Britain inapatsa Agnes ulemu wa dzina lakuti Dame. Ndipo poona kuti wopunduka wocira asowabe pogwira, pakuti olemba nchito amkana monga zipatala zija zinamkana iye, mu 1927 anayamba sukulu ya Derwen, kufupi ndi cipatala, kumene anyamata ndi asungwana opunduka anaphunzira nchito za manja, zina mwa izo kusoka nsapato ndi kupanga zitsulo zimene odwala anzao anabvala.

Robert Jones anamwalira mu 1933, ndipo cipatala cinachedwa ndi maina a onse awiri. Mu 1938 Agnes anaturutsa buku la mbiri ya moyo wace. Zaka zace zotsiriza anayenda pa cikuku. M'ciyambi ca 1948 moto unatentha gawo lalikuru la cipatalaco, ndipo pa 24 Julai caka comweco iye anamwalira ku Baschurch, ali ndi zaka 81. Phulusa lace linaikidwa m'manda a pa chalichi ca m'mudzimo. Zaka zomwezo mankhwala a streptomycin anali atayamba kugwira nchito pa cifuwa cacikuru, ndi ena anatsatira. Mu 1955 kunadza katemera wa poliyo. Ndipo pang'ono pang'ono ana ogona zaka pa cimango anatha m'zipatala za England. Cipatala cija cinamangidwanso, ndipo ciripobe ku Gobowen, kufupi ndi Oswestry, ndi dzina lace ndilo Robert Jones and Agnes Hunt Orthopaedic Hospital. Sukulu ya Derwen nayonso iphunzitsabe acinyamata olumala pafupi pomwepo.